Lole Yopanda Chikwangwani

Madalaivala anamupatsa dzina loti Mayi Tochi chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo chotani, iye sankasiyana ndi tochi yake. Ankagwira ntchito ya boma pabwalo loyendera magalimoto onyamula zinthu zoopsa monga mafuta, gasi, asidi ndi mankhwala a m'mafakitale. Bwalolo linali kunja kwa tauni, pafupi ndi sikelo ya malole. Munali ofesi ya chipinda chimodzi, shedi ya malata, ndi dzenje lalitali la simenti lomwe galimoto inkaima pamwamba pake kuti munthu aione kumimba. Mayi Tochi ankaswera m'dzenjemo. Ankaunika mabuleki, mapaipi ndi mavalavu, kenako n'kutuluka kukaona ngati zozimira moto zikugwira ntchito, komanso ngati zikwangwani zonena chimene chanyamulidwa zamatidwa kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali.

Mnzake wa ntchito anali bambo wachikulire wodwaladwala mawondo, yemwe aliyense ankangomuti a Chipewa poti chipewa sichinkachoka kumutu kwawo.

Ntchitoyi Mayi Tochi anaikonda chifukwa cha achimwene ake. Makolo awo atamwalira iye akadali wamng'ono, achimwenewo ndiwo anamulera mpaka kumaliza sukulu. Iwo anali dalaivala wa thankala ya asidi pakampani ina yaikulu, ndipo anzawo ankawatcha a Kamba chifukwa cha kayendetsedwe kawo. Ankawaseka kuti ngakhale wapanjinga amawapitirira pachitunda. Iwo sankakwiya. Ankangoti, “Asidi alibe ukwati woti achedweko.”

Tsiku lina m'mawa, thankala ya a Kamba inalowa pachipata cha bwalolo, itadzaza, ili paulendo wopita kumigodi.

“Boma lilipo?” anafuula a Kamba akutsika.

“Lilipo, achimwene,” anayankha Mayi Tochi ali pakhomo la ofesi. “Koma lero mwagwa m'manja mwa a Chipewa. Ine sindikukudziwani.”

“Mwamumva mwana ameneyu, a Chipewa? Ndinkamupukuta mamina ndine, lero akuti sakundidziwa.”

Lamulo silinkalola munthu kuyendera galimoto ya m'bale wake, choncho a Chipewa ndiwo anatsikira m'dzenje, akudandaula za mawondo. Anakhalitsamo kuposa masiku onse. Kenako mawu awo anamveka kuchokera pansi, opanda nthabwala.

“Mayi, tabwerani ndi tochi yanuyo. Mwina maso angawa akundinamiza.”

Mayi Tochi anatsika. Pamalo pamene thanki imakhalira pachitsulo chake panali mzere wowotcherera, ndipo pamzerepo panali patatuluka zinthu zoyera ngati mchere wouma. Ataunika bwino anaona dontho likulendewera pakati pa zoyerazo. Linagwa pasimenti, simenti n'kuchita thovu pang'ono. Anadikira. Dontho lina linayamba kutupa pamalo omwewo.

Atatuluka m'dzenje anapeza achimwene ake atatsamira tayala, akuyang'ana pansi.

“Mumadziwa, achimwene?”

“Ndinawauza mabwana. Ndinawauzanso. Akuti ndikabwerako ulendo uno akaiwotcherera.”

“Ulendo uno muwoloka mlatho waukulu uja. Mudutsa m'misika.”

“Ndiyenda bwinobwino, iwe umandidziwa.” Anatsitsa mawu. “Mlongo wanga, anthu aja si ocheza nawo. Thankala iyi ikagona pano, sadzati chitsulo chinang'aluka. Adzati Kamba anakauza mlongo wake.”

“Inuyo ndimakudziwani, achimwene. Chitsulo ichi ndiye sindikuchidziwa. Chikhoza kugwira mpaka kumigodi, chikhoza kung'ambika pabampu loyamba.”

A Chipewa anayandikira akupukuta m'manja ndi kansanza.

“Galimoto iyi ndayendera ndine, ndipo ndisayina ndine,” anatero. “Inu mayi pitani mukamwe madzi.”

Iwo ndiwo anamata chipepala chofiira pagalasi lakutsogolo, choletsa thankalayo kuyenda. Madzulo ake kampani inatumiza thankala ina kudzapopa asidi uja. A Kamba anakwera basi kubwerera kwawo, ndipo pochoka anatsanzika bwinobwino, ngati kuti palibe chachitika.

Zimene a Kamba ananena zija zinachitikadi. Boma linalipiritsa kampaniyo n'kuitanitsa mathankala ake onse kuti aunikidwe, ndipo angapo analetsedwa kuyenda. Mabwana sanafunse kuti anasayina ndani. Anangoti a Kamba anapangana ndi mlongo wawo kuti aipitse mbiri ya kampani, n'kuwachotsa ntchito ponena kuti sankasamala galimoto. Nkhani inayenda m'makampani onse a mathankala. Kulikonse komwe a Kamba ankapita ankawalandira mwaulemu, kuwapatsa mpando, kenako n'kuwauza kuti malo kulibe.

Mayi Tochi atapita kukawaona anapeza alamu ake, akazi a a Kamba, ali pakhonde akusoka pamakina awo. Mayiwo sanasiye kupalasa makinawo.

“Alamu, lero mwabwera kudzayendera chiyani? Mabuleki a mbaula?”

“Ndabwera kudzakuonani, alamu.”

“Tioneni. Ndife amenewa.”

A Kamba anali kuseri kwa nyumba, akukonza mpando wothyoka mwendo umene unakhala chithyokere kwa zaka. Anali atameta bwino, atavala malaya osita, ngati munthu woti akupita kwinakwake.

“Achimwene, ine ndimati ndinene kuti…”

“Usapepese,” anamudula. “Unagwira ntchito yako. Ndigwirire apa.”

Anawagwirira mwendo wa mpandowo iwo akukhoma msomali. Bwenzi zili bwino akanamukalipira, akanamuthamangitsa pakhomopo. Koma ankangomufunsa za kuntchito, za mawondo a a Chipewa, ngati mmene munthu amachezera ndi mlendo wa mnzake.

Mayi Tochi anayesetsa kuwathandiza. Anawaperekeza ku ofesi yoona za apantchito kukadandaula za kuchotsedwa kwawo. Kumeneko anawapatsa tsiku la mlandu, tsikulo litafika loya wa kampani sanabwere, n'kuwapatsa tsiku lina lakutali. Kumapeto kwa mwezi anawatumizira thumba la mpunga ndi mafuta ophikira. Alamu ake anabweza zonse, atamangirira bwinobwino mmene zinabwerera.

Nyengo yamvula itatha, Mayi Tochi anamva kuti achimwene ake apeza ntchito kwa munthu wina wokhala ndi malole awiri onyamula katundu wamba. Mtima wake unakhala pansi. Lamlungu lotsatira anapita kukawaona, ndipo ulendo uno alamu ake anamuyankha moni n'kumupatsa mpando.

Akudutsa kuseri kuti akasambe m'manja, anaima pachingwe choyanikira zovala. Ovolosi ya a Kamba inali itabooka timabowo tambirimbiri kuyambira m'mawondo kutsika, ngati yadyedwa ndi njenjete. Pamapewa inali itayera mawangamawanga. Anainunkhiza. Ngakhale inali yochapa, fungo lina lobaya m'mphuno linali lisanachoke.

A Kamba anamupeza ataigwira m'manja.

“Achimwene, mukunyamula chiyani m'lole muja?”

“Katundu.”

“Katundu wanji woboola nsalu chonchi?”

“Ukufunsa ngati mlongo wanga kapena ngati boma?”

“Onse awiri ali m'thupi limodzi.”

“Ndiye onse awiri akamwe tiyi, akuzizira.”

Iye sanasunthe. A Kamba anausa moyo n'kukhala pachidebe chomwe chinali chovundikira pafupi ndi khoma.

“Amakweza okha ine kulibe. Ndikafika ndimapeza atamanga kale lona. Nthawi zina ndi migolo, nthawi zina matumba, nthawi zina zonse pamodzi.”

“Popanda chikwangwani? Popanda pepala lonena kuti muli chiyani?”

“Chikwangwani chimaitana anthu ngati iwe. Mwini lole safuna alendo.”

“Inu, achimwene? Inu amene munkandiuza ndili mwana kuti dalaivala wosadziwa chimene wanyamula ndi maliro oyenda?”

“Usandikumbutse mawu anga, ndimawadziwa.” Anayang'ana kukhonde komwe makina osokera ankalira. “Mwana wathu uja ali kusukulu yogonera konko. Mlamu wakoyo maso akutha ndi singano. Ndikhale pansi ndizikonza mipando mpaka liti? Ndiponso taganiza, ndikakana ine, lole ija apatsa wina wothamanga ngati akuthawa apongozi. Bola ine, ndimayenda nayo ngati dzira.”

“Mawa ndikanena kuntchito. Ndikukuuzirani pamaso kuti musadzati ndinakuzembererani.”

“Kanene,” anatero a Kamba modekha. “Sungachitire mwina.”

Ananenadi. Koma galimoto ya ofesi yawo yoyendera m'misewu inali kugalaja, ikudikira zipangizo zomwe palibe ankadziwa kuti zifika liti. Mayi Tochi ndi a Chipewa anakwera basi kukaima pamphambano ya msewu waukulu pamodzi ndi wapolisi mmodzi. Anapserera padzuwa tsiku lonse, tsiku linanso chimodzimodzi, lole ija osaoneka. Inkadzera misewu yafumbi ya kuseri. Atapita kumpanda kwa mwini lole, mlonda anawayankhira pakabowo ka geti kuti muno mulibe malole, muli agalu okhaokha. Kuti alowe mokakamiza pankafunika chilolezo cha khoti. Anapempha kudzera kulikulu, ndipo kulikulu anati nkhaniyo ili m'manja mwa bwana amene anali kumsonkhano.

Chilolezocho chisanatuluke, tsoka linagwa.

Anali masana, kukutentha. Pansi pa lona paja anali atakweza migolo ya asidi pamodzi ndi matumba a kolorini waufa, uja amathira m'madzi kuti aphe tizilombo. Ziwirizi sizikwera galimoto imodzi, chifukwa zikakhudzana zimatulutsa mpweya wakupha. A Kamba akudutsa m'katauni kena, pamsewu wopapatiza wa pakati pa msika ndi sukulu ya pulayimale, mgolo umodzi unagwa n'kung'aluka. Iwo anangomva kugunda kumbuyo. Atayang'ana pagalasi anaona utsi wachikasu, wobiriwira pang'ono, ukutuluka m'mphepete mwa lona n'kumakwawa pansi.

Anaudziwa. Inali nthawi imene ana ankaweruka, ndipo msewu unali wodzaza ndi timayunifolomu. Akanaima pomwepo n'kuthawa, mwina akanapulumuka. Sanaime. Anakanikiza hutala osaisiya, n'kuponda moto. Anthu amene ankawadziwa pamsewupo anadzanena pambuyo pake kuti anali asanaonepo a Kamba akuthamanga choncho. Anadutsa msika, anadutsa nyumba zomalizira, n'kukhotera kudambo lina komwe kale ankaumbirako njerwa. Njira yonseyo utsi unkalowa kutsogolo kudzera pagalasi lakumbuyo lomwe linali losweka.

Atatsika sanathawe nthawi yomweyo. Anthu anali atayamba kuthamangira loleyo kudzaona, ena atanyamula zidebe zamadzi poganiza kuti ndi moto. A Kamba anavula malaya n'kumawakupiza m'mwamba, akufuula kuti abwerere, athawire kumene mphepo ikuchokera. Anafuula mpaka mawu anatha, kenako anagwada pansi akutsokomola.

Foni inamupeza Mayi Tochi ali m'dzenje, pansi pa thankala ya mafuta. Anali mkulu wa ozimitsa moto.

“Mayi, tili ndi lole ikufuka utsi wachikasu kudambo la njerwa. Ilibe chikwangwani, ilibe mapepala. Sitikudziwa kuti tithire chiyani. Anyamata anga awiri ayandikira, pano akusanza.”

“Musayandikirenso. Musathire madzi. Chotsani anthu kumene utsi ukulowera. Dalaivala ali kuti?”

“Apita naye kuchipatala. Bambo wachikulire ndithu, wa imvi. Sakutha kuyankhula.”

Sanafunse nambala ya lole, anadziwa kale kuti ndi achimwene ake. Anatuluka m'dzenje mwachangu. A Chipewa atamuona nkhope anangotenga zophimba kumaso ziwiri m'kabati n'kuimitsa galimoto ya munthu wodutsa.

Anayamba wapita kudambo kuja, osati kuchipatala, chifukwa kunalibe wina woti auze ozimitsa moto chochita, ndipo madokotala nawo ankafunsa chimene wodwalayo wapuma. Atavala chophimba kumaso anayandikira mpaka anatha kuwerenga zolembedwa pathumba limodzi lomwe linagwa pansi. Anaimbira kuchipatala kuwauza. Anakhala pamenepo mpaka mchenga utathiridwa, utsi utaleka. Dzuwa linali litapendeka pamene anafika kuchipatala.

Anawapeza achimwene ake atawakhazika tsonga pabedi, chophimba cha mpweya chili kukamwa, maso ali psuu. Alamu ake anali pambali, atagwira m'mphepete mwa bulangete ndi manja onse awiri. A Kamba atamuona anakankhira chophimbacho pambali.

“Boma lafika,” ananong'ona.

“Musayankhule, achimwene.”

“Ana aja?”

“Onse ali bwino. Amayi angapo a mumsika akutsokomola, koma awabweza kunyumba. Ozimitsa moto awiri agonekedwa, achira.”

Anatsinzina kwa kanthawi. Kenako anatsegula diso limodzi.

“Ukawauze anzanga aja kuti Kamba amathamanga akafuna.”

Alamu ake anaseka mosayembekezera, kuseka kwake n'kusanduka kulira.

Tsiku lotsatira a Kamba anaoneka ngati akupeza bwino. Anamwa tiyi pang'ono, anapempha kuti awapese tsitsi, anakangana ndi namwino pa nkhani ya mpira. Akazi awo anayamba kukamba zoti akatuluka asadzagwirenso chiwongolero, azidzangowathandiza kudula nsalu. Koma dokotala anamuitanira Mayi Tochi pakhonde.

“Inu ntchito yanu ndi yomweyi, ndiye sindikubisirani,” anatero. “Mpweya umenewu umanyenga. Munthu amaoneka ngati wachira, pamene mapapo akudzaza madzi pang'onopang'ono. Bambowa anaupuma wambiri, kwa nthawi yaitali. Tiyesetsa.”

Anabwerera m'chipindamo atapukuta nkhope. Alamu ake anali atapita kukachapa mbale. A Kamba anamuyang'anitsitsa.

“Wakuuza chiyani?”

“Akuti muzipuma.”

“Kunama sunakuphunzire mpaka pano.” Anatsokomola kwa nthawi, iye atawagwira pamsana. “Tamvera. Mlamu wako adzakuyankhula zopweteka. Usadzamuyankhe. Akatopa adzakufuna, alibe wina.”

“Achimwene, ndikanangoisiya thankala ija…”

“Ukanaisiya, bwenzi ndikukuona ngati ndani? Ine ndinalera munthu.” Anapuma movutikira. “Ndinakwiya, usaganize kuti sindinakwiye. Ndinkati ndikakuona pakhomo, m'mimba mwanga muzitentha. Koma lole iyi ndinakwera ndekha, ndi miyendo yangayi.”

Sanayankhulenso zambiri pambuyo pake. Kupuma kwawo kunayamba kumveka ngati madzi akuwira mumphika. Anawasamutsira kuchipinda cha odwala kwambiri, komwe abale ankangoonera pagalasi. Mwana wawo wamkazi anamuitanitsa kusukulu, ndipo anafika bambo ake akadali moyo koma osazindikira munthu. A Kamba anamwalira m'mawa wa tsiku lotsatira, anamwino akusinthana ntchito.

Pamaliro panabwera madalaivala ambiri, ena ochokera kukampani yomwe inawachotsa ija. Anaimika mathankala awo kutali ndi nyumba, monga lamulo linenera, n'kubwera wapansi. Panabweranso aphunzitsi a sukulu ija ndi amayi a mumsika. Mwini lole sanaoneke. Apolisi atamupeza ananena kuti iye anatuma dalaivala kukatenga matumba a simenti, zinazo dalaivalayo anakweza yekha mwakuba. Koma chilolezo cha khoti chinatuluka sabata yomweyo, ndipo atatsegula mpanda uja anapezamo migolo ndi matumba omwewo ataunjikidwa mpaka kudenga. Munthuyo anamangidwa, kenako anatuluka pabelo, mlandu n'kuyamba kuyenda mwa apo ndi apo. Galimoto ya ofesi nayo inatuluka kugalaja. Akuluakulu a kulikulu anabwera nayo okha, anajambulitsa zithunzi pabwalo, n'kulonjeza kuti malole a m'misewu yafumbi aziunikidwanso.

Masiku onse a maliro alamu ake sanamuyankhule Mayi Tochi. Sanamunyoze, sanamuthamangitse, ankangomudutsa ngati mzati.

Lole ija anaikokera kubwalo loyendera magalimoto n'kuiika kumapeto, kuseri kwa waya, kuti idikire mlandu. Utoto wake unali utasuluka, ndipo zitsulo zonse zinachita dzimbiri ngati yakhala m'madzi chaka chathunthu.

Tsiku lina masana a Chipewa anasuzumira m'dzenje.

“Mayi, kwabwera alendo anu.”

Anali alamu ake, atavala zakuda, ataima pachipata ndi kachikwama m'manja. Aka kanali koyamba kufika pamalopo. Anayang'ana shedi, dzenje, mathankala ali pamzere, kenako maso awo anakaima pa lole ija.

“Ndi imeneyo?”

“Ndi imeneyo, alamu.”

“Kupolisi andiuza kuti katundu wawo ali momwemo. Jekete lawo ndi magalasi owerengera. Ndabwera kudzatenga.”

Mayi Tochi anawapatsa mpando pamthunzi. Anavala magolovesi ndi chophimba kumaso, n'kupita kukatsegula chitseko cha loleyo. Jekete linali pampando, lopindidwa bwino. Kale linali labuluu, tsopano linali litayera ngati phulusa, ndipo atalinyamula nsalu inang'ambika yokha paphewa. Fungo lija linali lidakalimo. Magalasi anali m'thumba lamkati.

Anatenga magalasiwo n'kukawatsuka pampopi ndi sopo, kuwatsukuluza, kuwatsukanso. Jekete analiika m'thumba lapulasitiki lochindikala n'kumanga kukamwa. Anabwera ndi magalasi okha.

“Jekete lili kuti?”

“Alamu, jekete silingatuluke muno. Lamwa mankhwala aja. Mukalisunga m'nyumba lidzakudwalitsani, inu ndi mwana. Liyenera kukawonongedwa pamodzi ndi zina zonse.”

“Ndikalichapa.”

“Silingachapike. Likungoyoyoka.”

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali.

“Ngakhale jekete, alamu? Ntchito munatenga, munthu munatenga, ndiye ndi jekete lomwe?”

Mayi Tochi anakumbukira zimene achimwene ake anamuuza kuchipatala. Misozi inkangotsika n'kumalowa m'kolala ya ovolosi yake. A Chipewa, omwe anali chapatali, anavula chipewa chawo n'kulowa mu ofesi.

“Ndiloleni ndilione kokha,” anatero alamu akewo patapita nthawi.

Anabweretsa thumba lija n'kuliika pansi, patali pang'ono. Mayiwo anagwada n'kuliyang'ana kudzera m'pulasitikimo. Anatambasula dzanja, n'kulibweza asanakhudze.

“Si ili,” anatero motsitsa. “Lawo linali labuluu.”

Anabwerera pampando n'kutenga magalasi aja. Mwendo umodzi unali womangidwa ndi kawaya. Anawapukuta ndi nsonga ya mpango wawo, ngakhale anali oyera kale.

“Ndikufunseni chinthu chimodzi, alamu, mundiyankhe zoona. Tsiku lija litabwereranso, thankala ija ili apo, inu mukudziwa zonse zimene zichitike, mungaisiye ipite?”

Mayi Tochi anayang'ana kudzenje kuja. Funso limeneli anali atadzifunsa yekha kambirimbiri chimwalirire achimwene ake, ndipo ankalakalaka yankho litasintha.

“Ayi, alamu. Sindingaisiye.”

“Ndimadziwa,” anatero mayiwo. “Ndimangofuna ndimve ndi makutu anga.” Anaika magalasi m'kachikwama n'kutseka zipi. “Sindinakukhululukireni. Mwina ndidzatero, mwina ayi, sindikudziwa. Koma mwana uja sakudya. Akuti kusukulu sabwererako. Ine ndikamuyankhula timangolira tonse. Inu amakumverani.”

“Ndibwera Loweruka.”

“Bwerani lero. Loweruka n'kutali.”

Mayi Tochi anakauza a Chipewa, ndipo iwo anati apite, mathankala otsalawo athana nawo okha ngakhale mawondo akane. Anavula ovolosi, anasamba m'manja ndi kumaso, n'kutuluka pachipata ndi alamu ake. Anayenda m'mphepete mwa msewu kupita pokwerera basi, wina kutsogolo wina kumbuyo, osayankhulana. Basi itafika inali yodzaza, munali mpando umodzi wokha. Alamu ake anakhala, kenako anasendera kuwindo n'kumusiyira kamalo kakang'ono m'mphepete.